Mota siuluka yokha

Kwathu kuno munthu akapita kukagula sipeya, funso loyamba limakhala lakuti, "Kodi ni yamphamvu?" Laciwili ni mtengo. Funso lakuti kodi idzagwilizana ndi zinzake zimene ikazipeza kumeneko limabwela mocedwa, nthawi zambili utsi utatuluka kale. Koma mlimi aliyense wolima ndi ng'ombe adziwa kuti pa goli sumangapo nkhunzi yaikulu pamodzi ndi kathole cifukwa cabe cakuti nkhunziyo ili ndi mphamvu. Goli limapendeka, zonse ziwili zimapweteka makosi, ndipo mzele sulunjika. Mota ya kandeke kouluka ndi limoti nayonso ili pa goli. Imakoka pamodzi ndi pulopela, batili, ESC ndi thupi la kandekeko. Mota yabwino ni imene igwilizana ndi zinayi zimenezi.

Ndife anthu asanu odzipeleka pa wailesi ya m'dela kuno ku Chipata. Pa Ciwelu m'mawa timakhala ndi pulogilamu ya sayansi ya ana a sukulu, ndipo kwa ife liu lakuti kuulutsa lili ndi matanthauzo awili. M'mawa timaulutsa mau, m'madzulo timaulutsa kandeke pa bwalo la bola. Kandekeko anatisiyila aphunzitsi ena a sayansi pamene anawasamutsila ku cigawo cina. Ni kopangidwa ndi foam, cinthu copepuka cija cofanana ndi cimene amatetezela naco ma TV m'makatoni. Mapiko ake ali pamwamba pa thupi, otalika mita imodzi ndi masentimita 20, ndipo kamauluka pang'onopang'ono moti olo mwana wa Giledi 7 angakagwile m'mwamba kwa mineti imodzi. Mwana akaona phiko likunyamula cinthu colema pamaso pake, nkhani ya mphepo ndi mphamvu imene tinakamba pa wailesi m'mawa imamuloweladi m'mutu.

Mota yake inali itasewenza kale zaka zingapo tisanailandile. Fumbi la August linaimaliza. Dothi lathu lili ndi tuzitsulo tosaoneka ndi maso tumene maginito a mu mota amakoka, ndipo mabeyaling'i akadya fumbi amayamba kulila monga wilibala yopanda gilisi. Kumayambililo kwa September inanunkha copselela, ndipo titaicotsa tinapeza mbali ina ya mawaya a mkati yada bii. Kapepala ka manambala kanali katamatuka kalekale. Katoni yake inalibeko, ndipo aphunzitsi aja titawatumila foni anati sakumbukila. Apo n'kuti titalengeza kale pa wailesi kuti pa Ciwelu caciwili ca October, mayeso asanayambe, ana ocokela m'masukulu atatu adzabwela kudzagwila limoti. Ndalama imene tinasonkhelana inali yokwana mota imodzi cabe. Tikanagula yolakwika n'kuocha nayo ESC, nkhani ya kandeke ikanathela pomwepo.

Titafunsafunsa ku Lusaka pa WhatsApp, tinapeza mamota atatu amene akanakwela basi tsiku lomwelo n'kutipeza m'mawa mwake. Yoyamba inali ya ma drone ampikisano, yolembedwa 2207 ndi 2400KV. Yaciwili inali yaikulu, 3536, imene wogulitsa anaitama kuti ili ndi mphamvu kuwilikiza kawili. Yacitatu inali 2212 ya 1400KV, ndipo pa cithunzi inali kufanana ndendende ndi yathu yakufayo. Mnzathu wina anati tigule yaikuluyo kuti tisadzavutikenso. Wina anati yofananayo ndiye yomweyo, tisataye nthawi. Tinakambilana mpaka usiku, ndipo tinagwilizana cinthu cimodzi: tiyambile pa kandeke, osati pa zimene zili mu shopu.

Coyamba tinakaika pa sikelo ya kukhichini, batili ili mkati. Kanalemela magalamu 800. Anthu oulutsa tundeke ali ndi lamulo lacidule limene akhala akusewenzetsa kwa zaka zambili. Kandeke kophunzilila kamafuna ma watts apakati pa 150 ndi 200 pa kilogalamu iliyonse, pamene kocita zogudubuzika m'mwamba kamafuna 300 kapena kuposa. Conco kathu kanali kufuna ma watts apakati pa 120 ndi 160. Ma watts ni ma volts kucita taimusi ma amps. Batili yathu ni LiPo ya maselo atatu, imene amailemba 3S. Selo imodzi ili ndi ma volts 3.7, ndipo ikadzala imafika 4.2, conco batili yonse ili ndi 11.1 ndipo yodzala ni 12.6. Ma watts 150 kuwagawa ndi ma volts 11 zitipatsa ma amps 13 kapena 14. Nambala imeneyi tinailemba pa bolodi ya mu situdiyo, cifukwa mota iliyonse inafunika kuyankha kwa iyo.

Kenako tinapima mota yakufayo, ndipo apa m'pamene manambala amasoceletsa anthu ambili. Makampani ena amacha mota ndi kukula kwa citsulo ca mkati cimene mawaya amakulungidwapo. Kwa iwo 2212 itanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 12 m'litali. Makampani ena amapima cigoba ca kunja, ndipo mota yofanana nayo amailemba 2826 kapena 2830. Munthu angaganize kuti 2830 ni yaikulu kupambana 2212, pamene ni mapasa ovala malaya osiyana. Yathu kunja inali mamilimita 28, mkati 22 ndi 12. Inalemela pafupifupi magalamu 50. Shafuti yake inali mamilimita 3.17, ndipo mabowo anayi a timabauti kumbuyo anali otalikilana mamilimita 16 mbali ina ndi 19 mbali inayo. Zonsezi zinagwilizana ndi 2212 wamba. Cinatsala ni cimodzi cimene lula singapime, ndico KV.

KV ni maulendo amene mota imazungulila pa mineti imodzi pa volt iliyonse ikakhala ilibe pulopela. Pa batili yathu ya ma volts 11.1, mota ya 1000KV ingazungulile maulendo 11,100 pa mineti, ya 1400KV maulendo 15,540, ndipo ya drone ija maulendo oposa 26,000. Ambili amaona ngati KV yaikulu ndiye mphamvu zambili. Si conco. Chipata ni tauni ya njinga, ndipo aliyense amene anapalasapo njinga ya magiya atanyamula thumba la cimanga adziwa kuti giya yothamangila pa mseu wosalala siimene amakwelela phili. Miyendo ni yomweyo, mphamvu ni zomwezo, koma nchito ni yosiyana. Mota ya KV yocepa imazunguza pulopela yaikulu pang'onopang'ono, ndipo imakoka mwamphamvu. Ya KV yaikulu imafuna pulopela yaing'ono yothamanga. Mamota a 2212 amapezeka a 1000KV, 1400KV ndi 2200KV, ndipo kunja onse amaoneka cimodzimodzi.

Safunsa anadya phula. Tinanyamula mota yakufayo kupita nayo kwa mkulu wina pa msika amene amakulunganso mawaya a mafani ndi mapampu a madzi. Anaitembenuza m'manja, n'kufunsa kuti, "Ana anga, kanthu aka mukuti kamaulutsa ndeke?" Titavomela anaseka, n'kucotsa kawaya kotsekela shafuti, n'kusolola cigoba. Anawelenga mano a citsulo ca mkati, anali 12. Anawelenga timaginito tozungulila m'cigoba, tunali 14. Ndiyeno anatenga kasingano n'kuyamba kumasula waya pa dzino limodzi limene silinapse, ife tikuwelenga mokweza monga ana a Giledi 1. Waya unali utazungulila maulendo 13. Pa mamota a mtundu wa A2212, makulungidwe 13 ndiye 1000KV, makulungidwe 10 ndiye 1400KV, ndipo 6 ndiye 2200KV. Waya ukazungulila maulendo ocepa, mota imathamanga kwambili. Mkuluyo liu la KV sanali kulisewenzetsa, koma mfundoyi amaigwilitsila nchito tsiku lililonse. Anati akanatha kuikulunganso, koma mabeyaling'i ang'onoang'ono conco analibe, ndiponso maginito amene anapsa ndi kutentha sabwezanso mphamvu zawo. Pocoka anatiuza kuti, "Tsiku louluka mudzaniitane, nikaone ndi maso anga."

Yankho limeneli linagwilizana ndi pulopela imene inali pa kandeke, ya 10x4.7. Nambala yoyamba ni kutalika kwake, mainchesi 10. Yaciwili ni mtunda umene ingayende kutsogolo ikazungulila kamodzi, mainchesi 4.7, kukanakhala kuti mphepo siitelela. Pulopela yotele ni mnzake wa 1000KV pa batili ya 3S. Apa m'pamene mota yofanana ija ya 1400KV inagwela. Mphamvu zimene pulopela imadya sizikwela mofanana ndi liwilo lake. Liwilo likawilikiza kawili, mphamvu zofunika zimawilikiza maulendo 8. Kucoka pa 1000 kufika pa 1400 ni kuwonjezela liwilo ka 1.4, ndipo 1.4 taimusi 1.4 taimusi 1.4 ni 2.7. Pulopela yomweyo ikanafuna mphamvu pafupifupi kuwilikiza katatu kucokela ku mota ya msinkhu womwewo. Mota siikana nchito. Imangokoka ma amps ambili mpaka mawaya ake apse. Kunena zoona 1400KV ingasewenze pa kandeke kathu ndi pulopela ya mainchesi 8, koma tinali kale ndi mapulopela atatu a 10x4.7, ndipo kandeke kophunzitsila ana kamafuna kukoka bwino pa liwilo locepa, osati kuthamanga.

Ife a pa wailesi nkhani yotele si yacilendo. Transmitter yathu ndi antenna zifunika kugwilizana pa ma ohms 50. Zikasemphana, mphamvu zina zimabwelela mu waya n'kuyamba kuocha transmitter, olo kuti ciliconse pacokha cili bwino. Pa kandeke, cimene cimalandila cilango ni ESC, kabokosi kokhala pakati pa batili ndi mota kamene kamasintha magetsi a batili kukhala oyenda m'mawaya atatu a mota ya brushless. Yathu ni ya ma amps 30. Batili ni ya 2200 mAh ndi 25C, kutanthauza kuti pa pepala ingapeleke ma amps 55, ndiye kuti 2.2 taimusi 25. Batili siidzateteza ESC, idzangopeleka zonse zimene mota ipempha. Ndipo pali cina cimene cinaticititsa mantha kupambana ndalama. Mkati mwa ESC yathu muli kagawo kochedwa BEC kamene kamapeleka ma volts 5 ku receiver ndi ku ma servo oyendetsa mcila. ESC ikapsa m'mwamba, si mota cabe imene imazima. Kandeke kangaleke kumva limoti, n'kugwela kulikonse kumene mphepo yafuna, pa bwalo lodzala ana.

Mota yaikulu ija ya 3536 inagwa pa sikelo. Imalemela kupitilila magalamu 100, kuwilikiza kawili yathu, ndipo kulemela konseko kukanakhala pa mphuno penipeni. Kandeke kali ndi malo ake olinganila, amene pa mapiko owongoka ngati athu amakhala pakati pa kota ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a m'lifupi mwa phiko, kucokela kutsogolo. Ukaika zala ziwili pansi pa mapiko pamalo amenewo, kafunika kukhala cilili kapena kuweleamitsa mphuno pang'ono cabe. Mota yolemela ikanafuna kuti tiike mtovu ku mcila, ndiye kuti kandeke kalemelelatu, kayambe kufuna liwilo lalikulu ponyamuka ndi potela. Ikanafunanso ESC yaikulu, mabowo atsopano, ndi cogwilila pulopela cina cifukwa shafuti yake ni yonenepa. Ya drone inagwa mbali inayo. Ni yopepuka kwambili moti mcila ukanalemela, ndipo kandeke kolemela ku mcila n'kovuta kuongola kupambana kolemela ku mphuno. Komanso inapangidwila pulopela ya mainchesi 5. Kuipatsa ya mainchesi 10 kukanakhala kuipha tisanacoke n'komwe pansi.

Panalinso nkhani ya malo amene tikhala. Chipata ili pamwamba kupitilila mamita 1,000 kucokela pa nyanja yamcele, ndipo pamtunda wotele mphepo imapepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kutentha kwa October kumaipepulanso. Pulopela imagwila mphepo yocepa, phiko nalonso limanyamula mocepa. Conco manambala a kakokedwe amene ogulitsa amalemba tinawatenga ngati a tsiku labwino kwina kwake, osati a masana a October kwathu. Yankho la zimenezi silinali mota yaikulu. Linali kusankha mota yofika kumtunda kwa malile athu aja, ma watts 150, kusunga kandeke kopepuka, ndi kuulutsa dzuwa litapendeka.

Mota imene inakwanilitsa zonse inali A2212 ya 1000KV, ndipo ku Lusaka kwa amene tinafunsa kunalibe. Inafunika kuitanitsa kunja ndi kuyembekezela mawiki atatu kapena anayi. Tsiku lolonjeza linali mawiki asanu kutsogolo. Tinaitanitsa. Ana anali kutuma mauthenga pa pulogilamu kufunsa ngati ndeke yacila, ndipo tinawauza zoona, kuti mota yoyenela ili m'njila ndipo zosayenela zili pafupi. Mawiki oyembekezela tinawasandutsa maphunzilo. Wiki yoyamba tinawapatsa samu ya ma watts, yaciwili ya KV, yacitatu ya 1.4 taimusi katatu. Mtsikana wina wa ku sukulu ya kumudzi anatuma yankho la 2.744 pulogilamu isanathe, n'kuwonjezela funso lakuti ngati n'conco, n'cifukwa ciani ogulitsa sauza anthu. Tinamuyankha kuti wogulitsa sanaone pulopela yathu, ndipo nchito yowelenga ni ya mwini kandeke.

Kaphukusi kanafika pa basi patatsala masiku 9. Pomanga, tinayamba tapima timabauti, cifukwa kabauti kotalika kupitilila kamalowa mkati n'kukhudza mawaya, ndipo mota yatsopano ingafe tsiku loyamba. Kumbuyo kwa mota yakale kunali mawasha awili amene anali kuipendeketsa pang'ono kuloza pansi ndi kumanja. Mnyamata wina wa m'kalabu anati tiwacotse kuti mota iwongoke, koma kupendekako n'kwadala. Kumaletsa kandeke kukweza mphuno ndi kukhotela kumanzele ukawonjezela moto. Mawashawo tinawabwezela mmene analili. Mawaya atatu a mota alibe lamulo lakuti uyu apite apa. Ukalumikiza n'kupeza kuti izungulila cam'mbuyo, umangosinthanitsa awili alionse. Zimenezi tinayesa pulopela titaicotsa, cifukwa pulopela yozungulila maulendo masauzande pa mineti imadula cala.

Titamanga pulopela, tinabweleka mita yopanila pa waya kwa mnzathu woika masola, imene imawelenga ma amps a batili. Pa moto wonse inaonetsa 13. Batili inali pa ma volts 11.3, ndiye kuti ma watts 147, mkati mwa malile athu, ndipo ESC siinafike olo theka la zimene ingapilile. Tinamanga mcila ndi cingwe ku kasikelo kolendeweka kamene mnzathu amapimila nshawa, ndipo kandeke kanakoka pafupifupi magalamu 700. Kwa kandeke kolemela 800 kamene mapiko ndiwo amanyamula, zimenezo n'zokwanila bwino. Pambuyo pa masekondi 30 tinazima n'kugwila mota ndi cala. Inali yofunda, yosaocha. Pomaliza tinaika zala ziwili pansi pa mapiko, ndipo kanakhala cilili popanda kusuntha batili.

Pa Ciwelu cija tinayamba 16 koloko. Ana tinawaimika kumbuyo kwa mzele umodzi, ndipo mkulu wa mafani anabwela atavala jekete, n'kukhala pa mpando kutsogolo kwa onse. Kandeke kanathamanga pa dothi mamita ocepa n'kunyamuka ndi kaphokoso kofewa, kosalila ngati kale. Mtsikana wa 2.744 uja ndiye anayamba kugwila limoti, mmodzi wa ife ataimilila pambali pake. Manja anali kumunjenjemela, koma anazungulila bwalo kawili asanabweze.

Usiku womwewo tinadula kakhadi n'kulembapo ndi bolopeni: A2212, 1000KV, magalamu 50, shafuti 3.17, mabowo 16 ndi 19, pulopela 10x4.7, batili 3S 2200, ESC 30A, ma amps 13 pa moto wonse, kulemela magalamu 800. Tinakamata ndi tepi mkati mwa kandeke pafupi ndi batili, ndipo manambala omwewo tinawalemba m'buku la pulogilamu. Odzipeleka amabwela ndi kupita, ena amapeza nchito ku Lusaka, ena amakwatila n'kusamuka. Mota iyi nayonso idzadya fumbi lake n'kutha. Amene adzatsegule kandeke nthawi imeneyo adzapeza kakhadi, ndipo adzadziwa cofunsa asanatume ndalama.